Musanamate zithunzi za m'kapulinta ka m'manja

Inu amene mumakongoletsa makhadi a ukwati kapena mabuku a zikumbutso ndi zithunzi za m'tipulinta ting'onoting'ono tija, yambani mwadziwa mtundu wa pepala lanu.

HP Sprocket ndi Canon Zoemini zimagwiritsa ntchito pepala la ZINK. Mulibe inki m'menemo. Mitundu ili m'pepala momwemo ndipo imatuluka ndi kutentha. Ndiye musayerekeze kulowetsa chithunzi chotere m'makina otentha a lamineshoni kapena kuchimata ndi guluu wotentha wa kamfuti uja, chimathimbirira. Ndipotu guluu ngwachiyani? Kumsana kwake kuli kale zomatira, mungosenda kapepalako basi. Kakhadi kabuluu ka m'paketi musakataye, kayambe ndiko kudutsa m'pulinta kuti mitundu ituluke bwino.

Zithunzi za Instax, zija zimatuluka pomwepo m'kamera kapena m'kapulinta ka Fujifilm, musazidule ndi sizasi, mkati mwake muli mankhwala.

Ofuna kudula timitima ndi tinyenyezi, ine ndingakuuzeni Canon Selphy. Imayendetsa pepala kanayi, ulendo womaliza n'kupaka zoteteza ku madzi ndi zidindo za zala. Sanjani zithunzi zinayi papepala limodzi pafoni musanapulinte, kenako mudule nokha. Mapepala ake ngokwera mtengo, ndiye mukatero paketi siitha msanga.