Momwe mungasamutsire mawu a pa kaseti kupita pa kompyuta

M'makatoni mwathu mwadzaza makaseti a kwaya, maulaliki ndi mawu a makolo amene anatisiya kale. Kutentha ndi chinyezi zikuwononga matepiwa mwakachetechete, ndiye ndi bwino kuwasamutsa akadali kulira. Pamene ambiri amasokonezera ndi pa chingwe.

Yambani ndi kutembenuza wailesi kapena deki yanu. Kumbuyo funani mabowo awiri, lofiira ndi loyera, olembedwa Line Out kapena Play Out. Amenewa ndi a RCA, ndipo mawu abwino amatulukira pomwepo: lofiira ndi la kumanja, loyera la kumanzere. Ngati palibe, gwiritsani ntchito bowo la mahedifoni, koma voliyumu muyambire pansi. Mawaya opita ku masipika musawakhudze n'komwe, mphamvu yake itha kuotcha sound card, kachipangizo ka m'kompyuta kolandira ndi kutulutsa mawu.

Kenako onani kompyuta. Ya patebulo imakhala ndi mabowo atatu: lobiriwira ndi la masipika, lapinki la maikolofoni, labuluu ndiye Line In. Lanu ndi labuluulo. Gulani chingwe cha RCA ziwiri mbali imodzi, mbali inayo pini ya 3.5mm ya mizere iwiri yakuda. Ngati mukutengera pa mahedifoni, chikhale cha 3.5mm mbali zonse.

Bowo lapinki ndi limene limapusitsa anthu. Linapangidwira mawu ofooka a maikolofoni, choncho limakweza kwambiri, ndipo nthawi zambiri limatenga mbali imodzi yokha. Kwaya imamveka yosasa ngati sipika yong'ambika. Malaputopu ambiri a masiku ano ali ndi bowo limodzi lophatikiza mahedifoni ndi maikolofoni, vuto lake n'lomwelo. Apa musavutike, pezani kabokosi ka USB kolandira RCA, monga Behringer UCA202. Muonetsetse kuti kalembedwa Line In, chifukwa timabokosi tambiri totchipa timalandira maikolofoni basi.

Musanayike kaseti, pukutani hedi, kachitsulo kamene kamakhudza tepi powerenga mawu, ndi kathonje konyowetsa ndi sipiriti, mudikire iume. Tepi ikakhala yolendewera, ikungeni ndi cholembera monga tinkachitira kale.

Tsegulani Audacity, pulogalamu yaulere yojambulira mawu, musankhe Line In kapena kabokosi kaja, stereo, 44100 Hz. Yesani kaye pamene nyimbo yakwera kwambiri, mizere yosonyeza kukwera kwa mawu izifika cha pa -6 dB. Ikagunda 0, mawu asweka ndipo sakonzekanso. Mukamva kulira kwa "mmmm" pansi pa nyimbo, zulani chaja laputopu iyendere batire. Izi zimathandizanso magetsi akathima, bola wailesi nayo ikhale ya mabatire.

Kaseti ya C90 ndi mphindi 45 mbali iliyonse, ndipo palibe chidule, muyenera kuidikira ithe. Sungani kaye ngati WAV, mtundu wa fayilo yosafinya mawu, imene imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi. MP3 yotumizira abale pa WhatsApp muipange kuchokera pamenepo.