Momwe mungadziwire ngati gasi akutayika m'nyumba

Gasi wachilengedwe amene amayenda m'mapaipi kupita m'nyumba, m'maofesi ndi m'mafakitale, mbali yake yaikulu ndi mpweya wa methane, ndipo mpweya umenewu suoneka komanso ulibe fungo. Fungo longa la mazira ovunda limene anthu amati ndi la gasi limachokera ku mankhwala otchedwa mercaptan, amene makampani amathiramo dala kuti mphuno izimva gasi akangoyamba kutayika. Kuthira mankhwalawa kunafala pambuyo pa ngozi ya pa 18 Marichi 1937, pamene sukulu ya ku New London, m'chigawo cha Texas ku America, inaphulika ndi gasi wopanda fungo amene anali atadzaza pansi pa nyumbayo, ndipo anthu pafupifupi 300 anafa, ambiri mwa iwo ana asukulu.

Methane amayaka akakhala pakati pa 5 ndi 15 peresenti ya mpweya wa m'chipinda, ndipo pa mlingo umenewu kamoto kakang'ono kothetheka mu swichi n'kokwanira kuphulitsa nyumba. N'chifukwa chake dongosolo la zochita ndi lofunika kuposa luso lofufuza: moyo umayamba, kusaka pamene pakutayikira gasi kumabwera pambuyo.

Choyamba: fungo likakhala lamphamvu, tulukani

Ngati fungo lakumenyani mphuno pongotsegula chitseko, kapena mukumva phokoso la gasi akutuluka mwamphamvu, musafufuze chilichonse. Musayatse kapena kuzimitsa magetsi, musazule pulagi, musayatse machesi, ndipo foni mukaigwiritse ntchito muli panja, kutali ndi nyumbayo. Tsegulani zitseko ndi mawindo amene ali m'njira yanu potuluka, tsekani valavu yaikulu ya pa mita ngati mungaifikire msanga, kenako itanani kampani ya gasi kapena ozimitsa moto. Pa valavu ya chogwirira chachitali, gasi amakhala atatsekedwa chogwiriracho chikapingasa paipi. Munthu amene akumva chizungulire, mutu kapena nseru atulutsidwe msanga, pakuti methane akachuluka amachepetsa mpweya wa okosijeni umene timapuma.

Chachiwiri: fungo likakhala lapang'ono, yambani ndi maso ndi makutu

Tsegulani mawindo ndipo onetsetsani kuti mabatani onse a chitofu ndi otseka, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala batani limene wina analikhudza mosadziwa. Yang'anani dzimbiri pa mapaipi achitsulo ndi ming'alu pa mapaipi a labala. Panja, udzu wouma motsatira mzere umene paipi inakwiriridwa, kapena timathovu totuluka m'madzi odikha, zimasonyeza kuti gasi akutayika pansi pa nthaka.

Chachitatu: funsani mita

Zimitsani zipangizo zonse za gasi, kuphatikizapo timalawi tating'ono timene timayaka nthawi zonse m'zotenthetsera madzi zina, lembani manambala onse a pa mita, ndipo mubwererenso patapita ola limodzi kapena awiri. Manambala akasuntha, gasi akutayika penapake pakati pa mita ndi zipangizo zanu. Njirayi siikuuzani malo ake, ndiponso singaonetse kutayika kwapang'ono kwambiri, koma imathetsa mtsutso wa ngati vuto lilipodi.

Chachinayi: thovu la sopo

Sungunulani sopo wamadzi wotsukira mbale m'madzi pang'ono, ndipo pakani ndi burashi kapena siponji pa malo onse olumikizira: pa valavu, pa regulator (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi), ndi pamene paipi yalowera m'chitofu. Gasi akhale wotsegula koma moto usayake paliponse. Dikirani mphindi zingapo, popeza kabowo kakang'ono kamachedwa kuonekera. Thovu limene likufufuma n'kumakula ndilo umboni. Pewani sopo wokhala ndi ammonia chifukwa amawononga zolumikizira za chitsulo chachikasu chotchedwa brass, ndipo mukamaliza pukutani bwino. Alipo anthu amene amayendetsa lawi la machesi m'mbali mwa paipi kuti aone ngati pagwire moto, ndipo pa njira zonse zofufuzira gasi, palibe yoopsa kuposa imeneyo.

Chachisanu: ikani alamu, koma pa malo oyenera

Mphuno ndi mlonda wosadalirika. Imazolowera fungo ikakhala nalo nthawi yaitali, chimfine chimaitseka, okalamba ambiri samva fungo bwino, ndipo munthu ali m'tulo fungo silimudzutsa. Mercaptan nayenso amatha kuzimiririka gasi akadutsa m'nthaka kapena m'mapaipi atsopano achitsulo. Komanso si methane yense amene amachokera m'paipi ya kampani. Zinthu zikamawola pamalo opanda mpweya, monga m'malo otayira zinyalala, m'ngalande za zonyansa ndi m'madambo, zimatulutsa methane amene palibe anamuthira mankhwala, ndipo amatha kulowa m'nyumba kudzera m'ming'alu ya maziko. Mu 1986 nyumba ina ya ku Loscoe ku England inaphulika ndi gasi wochokera pa malo otayira zinyalala amene anali pafupi. Madzi amene amakhala pa chigongono cha paipi ya pansi pa sinki ndiwo amatsekereza mpweya wa m'ngalande, choncho sinki imene yakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito muzithiramo madzi.

Alamu ya gasi imapangidwa kuti ilire gasi asanafike pa mlingo woyaka, ndipo zambiri zimalira methane ali cha pa 1 peresenti kapena kutsika apo. Cholakwa chimene anthu ambiri amachita ndi malo oikapo. Methane ndi wopepuka kuposa mpweya wamba, kulemera kwake kumangopitirira pang'ono theka, choncho amakwera n'kuunjikana kudenga; alamu yake iikidwe pakhoma, masentimita pafupifupi 30 kuchokera ku siling'i. Gasi wa m'masilinda, amene ndi propane ndi butane, ndi wolemera ndipo amatsikira pansi n'kudzaza m'maenje ndi m'zipinda zapansi, motero alamu yake imakhala m'munsi mwa khoma, pafupi ndi pansi. Alamu yabwino yoikidwa molakwika idzalira mochedwa. Isakhale pamwamba penipeni pa chitofu, pamene nthunzi ndi mafuta zingaiwononge, kapena pafupi ndi windo pamene mphepo imauluza gasi. Dziwaninso kuti alamu ya utsi ndi ya mpweya wa poizoni wa carbon monoxide sizimva methane, pokhapokha ngati chipangizocho chalembedwa kuti chimagwira ntchito zonsezo.

Dinani batani loyesera kamodzi pa mwezi, ndipo werengani tsiku lotha ntchito limene lalembedwa kumbuyo, chifukwa kachipangizo komva gasi kamafooka pakapita zaka ngakhale nyali ya alamu ikuyakabe.

Chomaliza: kukonza ndi ntchito ya mmisiri

Mukapeza pamene pakutayikira gasi, tsekani valavu ndipo musamatepo tepi kapena guluu. Mmisiri wovomerezeka amabwera ndi makina am'manja omva gasi wochepa kwambiri, ndipo akakonza amayesa mphamvu ya mpweya m'mapaipi onse kuti aone ngati ikutsika. Mufunseni akuonetseni zotsatira za kuyesako asanatsegulenso gasi.