Mmene Mungasokere Chovala Chamakono Potengera Zovala za Aamazigh

Telala kapena wokonza masitayelo amene akufuna kutengera luso la Aamazigh, anthu a kumpoto kwa Africa omwe ambiri amawatcha Aberber, ayenera kusankha chovala chimodzi cha dera limodzi, chifukwa zimene amavala ku Kabylie m'dziko la Algeria n'zosiyana kwambiri ndi za kumapiri a Atlas ku Morocco, ndipo kuzisakaniza kumachotsa tanthauzo la zonse ziwiri.

Tiyeni titenge akhnif, mwinjiro wa amuna a fuko la Ait Ouaouzguite kufupi ndi phiri la Siroua ku Morocco. Ndi wakuda, wa ubweya, wokhala ndi chophimba kumutu, ndipo kumsana cham'munsi kuli chizindikiro chachikulu chofiira chooneka ngati diso, chimene amati chimateteza ku diso loipa. Chofunika kuchiphunzira ndi kaombedwe kake: nsalu yonse imaombedwa mu mpangidwe wa chovalacho, kotero sipakhala zidutswa zotaya. Choncho jambulani jekete lanu kuti likhale ndi misoko yochepa, lifupikitseni kuti lilekeze m'mawondo, ndipo gwiritsani ntchito ubweya wopepuka kuti munthu athe kukwera nalo m'basi. Chizindikiro chofiiracho mukhoza kuchichepetsa, koma chisiyeni kumsana kumene eni ake anachiika. Kuchisamutsira pachifuwa kapena kuchidinda ndi makina pa tisheti n'kuchisandutsa chokongoletsa wamba.

M'malo mwa mabatani ndi zipi, yesani tizerzai, zomangira zasiliva zimene amayi amatsekera nazo nsalu pamapewa. Zimalemera ndithu, motero ikani kansalu kolimba mkati mwa phewa kuti singano yake isang'ambe ubweya. Amisiri a mumzinda wa Tiznit ku Morocco akadali kusula siliva wotere.

Musanadule nsalu, onani zovala zenizeni pafupi. Nyumba yosungira zinthu zakale za Aberber ya kumunda wa maluwa wa Jardin Majorelle mumzinda wa Marrakech ku Morocco, imene inatsegulidwa mu 2011, imaonetsa zovala ndi zodzikongoletsera za madera osiyanasiyana.

Pomaliza, gulani nsalu mwachindunji kwa magulu a amayi oomba, gwirizanani mtengo ntchito isanayambe, ndipo apatseni nthawi yokwanira, pakuti kuomba pamanja kumatenga masabata. Pa kansalu ka m'khosi lembani dzina la gululo ndi dera limene nsaluyo yachokera.