Momwe mungakonzere kagalu kanu chimbudzi cha m'nyumba

Kagalu kanga ka mtundu wa Maltese kanafika pakhomo mu Januwale, mvula ili pachimake, kali ndi masabata 8. Ndimakhala pamwamba m'nyumba yosanja ku Blantyre, ndipo bwalo lapansi ndi la tonse, kuphatikizapo agalu oyendayenda amene amalowa geti likangosiyidwa lotsegula. A vetenale anandiuza mosapsatira mawu kuti kasaponde dothi limenelo mpaka katamaliza katemera wa parvo, amene amabayidwa kangapo mpaka kamwana katafika masabata 16. Kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri, ndipo kamwana ka galu kakadwala, kusanza ndi kutsegula m'mimba kwa magazi kumakamaliza m'masiku ochepa. Ndiye chimbudzi chinayenera kukhala m'nyumba basi.

Musanagule kanthu, sankhani malo. Pakhale pangodya, pansi pa simenti kapena matailosi, kutali ndi mbale yake komanso pogona pake, chifukwa galu safuna kudzithandiza pamene amadyera. Ine ndinasankha ngodya ya m'bafa, ndipo chitseko chake sichitsekedwa. Khonde lotchinga nalonso ndi labwino ngati mvula siliwomba. Mukasankha mwasankha, osamasuntha lero apa mawa apo.

Tsopano choyalapo. Nyuzipepala zakale ndizo zosavuta, amagulitsa pa kilo m'misika, koma zimanyowa msanga ndipo kagalu kamatuluka mapazi ali chinyontho n'kudinda nyumba yonse. Pali timatewera toyala pansi timene amagulitsa m'masitolo akuluakulu ndi kwa a vetenale. Timamwa mkodzo bwino, koma ndi katundu wochokera kunja, ndipo chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wake si wamasewera, pomwe kamwana kamodzi kamamaliza tingapo patsiku. Samalaninso ndi timene ena amagulitsa pa WhatsApp topanda paketi yake: ndinagulapo kamodzi, tinali topyapyala ngati tishu, mkodzo n'kumangodutsa.

Mchenga ena amaukonda chifukwa ndi wotchipa. Ine ayi. Wa m'mitsinje ya m'tauni simudziwa zimene wadutsamo, umabwera ndi nthata ndi mazira a njoka zam'mimba, komanso kagalu kamaufukula n'kuumwaza ponseponse. Utuchi umapha fungo ndithu, ndipo akalipentala a ku Ndirande akhoza kukupatsani thumba ndi ndalama yochepa, koma funsani ngati matabwawo anali othira mankhwala a chiswe, poti kamwana kamatafuna chilichonse. Mchenga wa amphaka uja umene umaundana ukanyowa musauyerekeze n'komwe, kakaumeza umakatseka m'matumbo. Kapinga weniweni wodula ndi dothi lake agalu amamukonda kuposa zonse, koma m'nyumba amafota pasanathe masabata awiri, ndipo amene amagulitsidwa m'mbali mwa msewu agalu ena anapondapo kale, ndiye parvo yemwe mukumuthawayo mwamulowetsa nokha.

Chimene chinandigwirira ntchito ndi kapinga wapulasitiki woyala pa thileyi ya magawo awiri. Pansi pakhale thileyi kapena beseni losaya, m'mphepete mwake mosapitirira masentimita 5 kuti kagalu kazikwera kokha. Kutalika kwake kupose kagaluko ndi theka, chifukwa kasanakhale pansi kamayamba kazungulirazungulira. M'thileyimo yalani nyuzipepala zochindikala. Pamwamba pake ikani chinthu cha mabowo choti chinyamule kapingayo asakhudze nyuzipepala. Ine ndinadula pansi pa kreti yakale yapulasitiki. Kapingayo musagule wa pa mita, funsani zidutswa zotsala kuhadiweya kapena kwa okongoletsa malo a ukwati, ndipo tengani ziwiri kuti china chikamauma china chizigwira ntchito. Mutembenuzeni muone kunsi. Ngati mabowo ndi ochepa, tenthetsani msomali pa mbaula muboole ambiri. Waya wa nkhuku m'malo mwa kreti ayi, amachita dzimbiri komanso amabaya timapazi.

Zonsezi ndinazichita bwinobwino, koma kwa masabata atatu kagalu kanakana thileyi ija. Kamapita n'kukainunkhiza, kenako kutembenuka, ulendo wa pabalaza, pakona ya kapeti pafupi ndi mpando, n'kukodza pomwepo. Tsiku lililonse malo ake omwewo. Ndinasintha kapinga, ndinasintha beseni, ndinafika poganiza kuti mwina kali ndi matenda a chikhodzodzo. Mtima unkandiwawa chifukwa kamandiyang'ana ngati kachita zoyenera, ndipo kunena zoona kanali kakuchita zoyenera malinga ndi mphuno yake.

Cholakwika chinali kachapidwe kanga. Poopa fungo, kakangodontheza pang'ono pa thileyi ndinkathamangira nayo kumpopi, kuthira jiki wosasungunula, kukwecha mpaka mbee. Pomwe pa kapeti ndinkangopukuta ndi chikolopa cha sopo n'kuwazapo perefyumu wa m'nyumba. Kwa ine pabalaza pamanunkhira bwino. Kwa galu, amene amazindikira chimbudzi chake ndi fungo la mkodzo wake, kapeti ija ndiyo inali chimbudzi chenicheni, ndipo thileyi inali chinthu choluma m'mphuno chofunika kuchithawa. Ndinazindikira tsiku lina m'mawa nditagwada kuti ndinyamule kapeti: kunsi kwake kunali chibanga chachikasu chachikulu ngati mbale ya nsima, chouma m'mbali, pakati pali chinyezi, ndipo simenti ya pansi pake inali itada.

Panalinso ngozi ina imene sindinkaidziwa. Mkodzo wogona umatulutsa amoniya, ndipo jiki akakumana ndi amoniya pamatuluka mpweya woipa. Tsiku lina ndinathira jiki m'thileyi muli mkodzo wa usiku, m'bafa zenera lili chitsekere. Maso anayamba kuwawa, kukhosi kukanda, ndinatuluka ndikutsokomola. Ganizirani kagalu kamene mphuno yake ili pafupi ndi pansi penipenipo. Musathire jiki pa mkodzo, ndipo musamusakanize ndi viniga kapena mankhwala ena aliwonse otsukira.

Konzani chonchi. Kapeti kapena mkeka uliwonse umene kanakodzerapo uchotseni m'nyumba mpaka kataphunzira. Wanga unakhala kosungira katundu miyezi iwiri. Pansi pamene panali chibanga yambani mwapukuta ndi nyuzipepala, thirani viniga woyera wosakaniza ndi madzi mofanana, musiye kwa mphindi 10, pukutani, kenako wazani soda wophikira uja agone usiku wonse, m'mawa musese. Pa simenti yopaka phula mungafunike kubwereza kawiri katatu chifukwa mkodzo umalowa m'ming'alu. Mankhwala otsukira magalasi ndi ena okhala ndi amoniya musawagwiritse ntchito apa, fungo lake limafanana ndi mkodzo ndipo limakaitananso. Ngati mungapeze mankhwala olembedwa kuti enzyme cleaner kwa a vetenale, ndi abwino koposa, koma ine viniga ndi soda zinandikwanira. Mukatero ikani mpando kapena mbale yake ya chakudya pamalopo kwa masiku angapo.

Ku thileyi chitani zosiyana. Kakakodza pena paliponse, nyowetsani kachidutswa ka nyuzipepala mu mkodzowo n'kukaika pansi pa kapinga. Mukamasintha nyuzipepala m'mawa ndi madzulo, siyani kachidutswa kamodzi kakale. Inu simungamve kanthu koma iko kamva. Sabata yoyamba tsukani ndi madzi okhaokha. Kwathu zinatenga masiku anayi. Tsiku lachinayi ndili kukhitchini ndinamva timapazi pa matailosi a m'bafa, nditasuzumira ndinakaona kali pakati pa kapinga, kenako n'kutsika kakugwedeza mchira. Jiki ali ndi ntchito yake, ndipo ndi amene amapha parvo, koma kamodzi pa sabata kagalu katazolowera kale: tsukuluzani mkodzo wonse ndi madzi kaye, sungunulani kapu imodzi ya jiki m'makapu 30 a madzi, nyikani kwa mphindi 10 panja, tsukuluzaninso mpaka fungo lithe, yanikani padzuwa.

Za kuphunzitsa mukuzidziwa. Kakangodzuka, kakangomaliza kudya, kakangosiya kusewera, kanyamuleni mukaike pa thileyi. Kamwana ka miyezi iwiri sikapirira kupitirira maola awiri kapena atatu, ndiye usiku mudzuka ndithu. Mukaona kakununkhiza pansi n'kumazungulira, nthawi yakwana. Kakachita pamalo pake kayamikireni pomwepo ndi kachidutswa ka chiwindi cha nkhuku chophika, osadikira kuti katuluke m'bafa. Kukamenya kapena kukakhuza mphuno pa mkodzo kumangokaphunzitsa kubisala kuseri kwa mpando. Mukamapita kuntchito katsekereni m'chipinda chimene muli thileyi, madzi akumwa ndi pogona pake.

Chimbudzi chachikulu chotsani nthawi yomweyo ndi tishu, mutaye m'toileti n'kugejemula. Nyuzipepala zonyowa mangani m'jumbo zipite kubini. Sambani m'manja, ndipo ana okwawa asafike pamenepo chifukwa njoka zam'mimba za agalu zimagwiranso anthu. Kakakhala kamphongo, kakamakula kayamba kukweza mwendo: imikani botolo lodzaza mchenga pakati pa kapinga, khoma mutchinge ndi pulasitiki. Mu Okutobala kukatentha sinthani nyuzipepala katatu patsiku, ndipo sungani ndowa ya madzi pambali yoti mutsukire mpopi ukauma. Katemera wa chiwewe ndi pa miyezi itatu. Ku Blantyre a Mission Rabies, bungwe lolimbana ndi chiwewe, akhala akubaya agalu ulere kuyambira 2015, ndipo ku Lilongwe kuli bungwe losamalira nyama la LSPCA. Ngati munakagula m'mbali mwa msewu n'kuuzidwa pakamwa kuti kanabayidwa kale koma khadi palibe, katemera yambirani pachiyambi. Katemera akatha muzikatulutsa kukayenda m'mawa ndi madzulo, thileyi izikhala ya usiku ndi masiku a mvula.