Mphaka akafooka mwadzidzidzi, musanyozere

Mphaka amagona maola 12 mpaka 16 pa tsiku, n'chifukwa chake eni ake ambiri akamuona ali gone amangoti ndi ulesi wake uja, makamaka kukamatentha mu Okutobala muno mu Lilongwe. Koma wogona tulo mukagogoda mbale yake amadzambatuka, n'kudziwongola, n'kubwera. Wodwala amangotukula mutu pang'ono, kapena amakabisala kuseri kwa matumba a chimanga, ubweya uli nyankhalala chifukwa wasiya kudzinyambita. Nyama imeneyi imabisa matenda, moti ikafika pooneka chonchi ndiye kuti zinthu zafika kale patali.

Musanamugwire, ganizani za chiwewe. Ngati sanabayitsidwe katemera, ndipo akutuluka dovu kapena wayamba kulusa, musayandikize dzanja kukamwa kwake. Mutsekereni, muitane a zaziweto. Akakulumani kapena kukukalani, tsukani bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngati ali wofatsa monga mwa masiku onse, tukulani mlomo wake muone nkhama. Zabwino zimakhala zofiirira bwino. Zikayera ndiye kuti magazi achepa. Kwa tiana ta mphaka kawirikawiri ndi utitiri, kwa wamkulu mwina wadya khoswe wothiridwa mankhwala. Mankhwala ena a makoswe amayamba kuonetsa pakapita masiku 3 mpaka 5, inu mutaiwala kale kuti munathira. Tameki ndiye sachedwa: dovu, kunjenjemera, kusanza. Nkhama zachikasu zimaloza ku chiwindi kapena ku matenda owononga magazi.

Chimene ndimatsindika kwambiri ndi Panado. Timamupatsa pomumvera chisoni, koma chiwindi cha mphaka sichitha kuchotsa mankhwalawa, ndipo piritsi limodzi lokha likhoza kumupha. Nkhama zimada, nkhope imatupa. Mankhwala a utitiri a galu okhala ndi permethrin nawonso ndi poizoni kwa mphaka.

Mphaka wamphongo mumuyang'anitsitse akamapita kukakodza. Akamanyonyomala pafupipafupi, akulira, mkodzo osatuluka, ambiri amati wadzimbidwa. Nthawi zambiri imakhala njira ya mkodzo yatseka, ndipo akhoza kufa pasanathe masiku atatu. Ameneyu ndi wothamanga naye, chimodzimodzi amene akupuma atayasamula kukamwa, akulephera kuima, kapena akusanza mobwerezabwereza. Akangofooka popanda zonsezi mukhoza kumuonera usiku umodzi, madzi ali pafupi, koma akatha maola 24 osadya pitani nayeni. Kakakhala kamwana ka mphaka, musadikire usikuwo n'komwe.

Mu Lilongwe muli chipatala cha ziweto cha LSPCA (bungwe loteteza ndi kusamalira nyama), madokotala ena oima paokha, komanso ofesi ya boma ya zaziweto. Muikeni m'katoni yoboola timabowo, yoyalamo chitenje, osati m'thumba lomanga pakamwa. Ngati mukuganizira poizoni, tengani paketi yake kuti adokotala aone mtundu wa mankhwalawo.