Muzithamanga mofatsa kuti musagwe ulesi panjira

Inu amene mukukonzekera mpikisano wa mtunda wautali, kaya ndi marathoni ya makilomita 42.195 kaya Porters Race ya pa phiri la Mulanje, ndimvereni pa chinthu chimodzi: masiku ambiri muzithamanga mofatsa ndithu. Liwiro loyenera ndi lija mungathe kucheza ndi mnzanu mukuthamanga, n'kumakambirana za mtengo wa feteleza osabanika. Mukayamba wefuwefu mpaka mawu kumadukira pakhosi, chepetsani. Tsiku limodzi kapena awiri pa sabata akwanira kudzifinya pa zitunda. Masiku ofatsawo ndi amene amalimbitsa mtima ndi miyendo popanda kukuvulazani.

Ambiri amalekera panjira chifukwa tsiku lililonse amalisandutsa mpikisano, maso ali pa wotchi. Komatu mpikisano weniweni ndi wa maola ochepa, pomwe kukonzekera kumadya miyezi itatu kapena inayi. Miyezi imeneyo ikakhala chilango, simufika nayo kumapeto.

Choncho nthawi zina wotchiyo muziisiya kunyumba. Dzukani m'bandakucha dzuwa lisanayambe kuswa mtengo, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Njira muzisinthasintha. Ine ndimakonda kanjira kodutsa m'minda, mame akunyowetsa masokosi, amayi akupita kumjigo ndowa zili m'manja. Pezaninso mnzanu, pakuti kufundula bulangete sikuvuta ukadziwa kuti wina akukudikira pamphambano.

Mukabwerako imwani madzi, idyani phala kapena mbatata. Mtunda muziwonjezera pang'onopang'ono. Bondo kapena msongolo ukamawawa mpaka kutsimphina, pumani masiku angapo, ndipo ululu ukapitirira pitani kuchipatala.