Momwe mungayesere mankhwala a nkhawa ndi kuvutika maganizo pa mbewa

Munthu wovutika maganizo amauza dokotala kuti tulo sakuliona, chakudya sichikumukomera, anzake sakuwafunanso. Mbewa silankhula. Wofufuza amangodalira zimene mbewayo ikuchita, ndipo m'pamene kudzinamiza kumaphweka kwambiri. Ndondomeko ili m'munsiyi cholinga chake n'chakuti mbewa zisavutike pachabe.

Yambani ndi chilolezo. Musakhudze mbewa komiti yoona za kasamalidwe ka nyama pa yunivesite yanu isanavomereze. Idzakufunsani mafunso atatu amene William Russell ndi Rex Burch anawayala mu 1959: kodi simungafufuze popanda nyama, simungachepetse chiwerengero chake, nanga ululu muuchepetsa bwanji?

Pezani mbewa zoyenera. Si mbewa zokumba kumunda zija ayi. Ambiri amagwiritsa ntchito mtundu wakuda wa C57BL/6J, umene wakhala ukuswana pachibale kwa mibadwo yambirimbiri moti mbewa zake zimafanana ngati mapasa. Zikhale za masabata pafupifupi 8, ndipo zikafika zipatseni sabata yathunthu zizolowere khola. Kanyamulidwe musakapeputse. Jane Hurst wa ku University of Liverpool anaonetsa mu 2010 kuti kunyamula mbewa ndi mchira kumaichititsa mantha, pamene kuilowetsa m'kapaipi n'kuinyamulira momwemo kumaikhazika mtima pansi. Mu 2014 ofufuza a ku McGill University ku Canada anapeza kuti fungo la mwamuna palokha limasautsa mbewa kuposa la mkazi. Ndiye wogwira mbewa akhale yemweyo, kuchiyambi mpaka kumapeto.

Zipanikizeni, koma mwa muyezo. Apa m'powawa, ndipo sindibisa. Njira imene gulu la wofufuza Eric Nestler linaitchukitsa mu 2006 ndi ya kugonjetsedwa mobwerezabwereza. Mumatenga mbewa yakuda ija n'kuiika m'khola la mbewa yoyera ya mtundu wa CD-1, yamphongo, yaikulu, yandewu. Mwini khola amaithamangitsa ndi kuiluma. Pakatha mphindi 5 mpaka 10 mumazilekanitsa ndi pulasitiki yoonekera yokhala ndi timabowo, ndipo zimagona choncho mpaka mawa: yakudayo ikumuona mdani wake, ikumva fungo lake, koma iye sangaifikire. Mawa lake muipititse kwa mdani wina, mpaka masiku 10. Musachoke pamalopo ndewu ili mkati. Mukaona bala, lekanitsani pomwepo, chifukwa mbewa yovulala imadzipatula kaamba ka ululu, ndipo inu mudzaganiza kuti ndi maganizo.

Njirayi ili ndi chilema: CD-1 yamphongo kawirikawiri siimenya mbewa yaikazi, chonsecho mwa anthu matenda ovutika maganizo amagwira kwambiri akazi kuposa amuna. Kwa mbewa zazikazi mutha kutsata njira ya Paul Willner ya mu 1987, imene inayambira pa makoswe: lero kupendeketsa khola, mawa kunyowetsa utuchi, mkuja kusiya magetsi osazimitsa usiku wonse, kwa masabata angapo, mbewa osadziwa chikubwera n'chiyani.

Onani zimene zakhudzidwa. Tsiku la 11 ikani mbewa m'bokosi lalikulu lokhala ndi kakhola kawaya kopanda kanthu kwa masekondi 150. Kenako muikemo CD-1 yachilendo m'kakholako, masekondi 150 ena. Mbewa yabwinobwino imathamangira kukanunkhiza mlendoyo. Yokhudzidwa imakadziunjika pakona, msana utapindika, osasuntha. Mwa mbewa zitatu zilizonse, pafupifupi ziwiri zimatero. Yachitatu imapirira ngati sinaone kanthu. Mankhwala ayeseni pa zokhudzidwazo, apo ayi mudzanena kuti mwachiza mbewa imene sinadwale n'komwe.

Gawani magulu mwa maere. Gulu lina lilandire jakisoni wa madzi amchere chabe, lina mankhwala odziwika kale monga fluoxetine, lina mankhwala atsopanowo. Pakhalenso gulu la mbewa zimene sizinapanikizidwe. Mnzanu alembe manambala pa mabotolo a mankhwala n'kubisa tanthauzo lake, kuti inu wobaya ndi wowerenga zotsatira musadziwe kuti iyi yalandira chiyani. Amene watha zaka ziwiri akuyembekezera kuti mankhwala ake agwira ntchito, maso ake amaona zimene mtima ukufuna.

Musapupulume. Pa kafukufuku wa mu 2006 uja, jakisoni mmodzi wa fluoxetine sanasinthe kanthu; mbewa zinayambanso kuyandikira zinzake zitalandira mankhwala masiku 28, monga momwe wodwala amadikirira masabata angapo asanayambe kupeza bwino. Mankhwala ena otchedwa ketamine ndiwo osiyana, amaonetsa mphamvu yake pasanathe tsiku.

Yezani ndi miyezo ingapo. Bwerezani muyezo wa mlendo uja. Kenako wa shuga: mabotolo awiri pakhola, lina madzi wamba, lina madzi a shuga wa 1 peresenti. Mbewa yathanzi imakonda otsekemerawo. Yokhudzidwa siisamala kwenikweni. Yezani kulemera kwa mabotolo musanawaike ndi mutawachotsa, ndipo muziwasinthanitsa malo, poti mbewa ina imangokonda mbali imodzi basi. Pisani chala mu utuchi pansi pa botolo: mukapeza chinyezi, botolo ladontha, ndipo nambala ya tsikulo itayeni.

Za nkhawa, ikani mbewa pa thabwa lokwezeka looneka ngati mtanda, mikono iwiri yotchinga m'mbali, iwiri yapoyera, kwa mphindi 5 kamera ikujambula. Yamantha imabisala kotchingako. Yezaninso mtunda umene mbewa ikuyenda m'bokosi lopanda kanthu, chifukwa mankhwala ogonetsa kapena otakasa thupi amasokoneza miyezo yonseyi.

Ulipo muyezo wa Roger Porsolt wa mu 1977, woika mbewa m'madzi kwa mphindi 6 n'kuwerenga nthawi imene yangoyandama. Ena ankati kuyandamako ndi kutaya mtima. Ine sindikhutira nazo. Mwina mbewayo yangozindikira kuti potulukira palibe, ikusunga mphamvu. Ngati komiti yalola, uikeni komalizira, madzi akhale pa madigiri 23 mpaka 25, ndipo mbewa muipukute iume isanabwerere m'khola.

Lembani zonse. Tsatani malangizo a kalembedwe ka kafukufuku wa pa nyama otchedwa ARRIVE, amene anatuluka mu 2010 n'kukonzedwanso mu 2020: mbewa zinali zingati, zingati zinachotsedwa, chifukwa chiyani. Mankhwala akalephera, sindikizanibe, kuti wina asadzavutitse mbewa zina pa funso lomwelo. Akapambana, lembani kuti mbewa zayambanso kumwa madzi a shuga ndi kuyandikira zinzake, osati kuti mwapeza mankhwala ochiza anthu. Otsatira ndi mayeso oona ngati mankhwalawo saononga chiwindi, impso kapena mtima, munthu woyamba asanawamwe.